Mboni ya Kopolo Buluzi

Padangokhala, nthawi imene agogo a agogo anu anali asanamere mano koma ine ndili kale ndi ndevu, kunagwa nkhondo pakati pa nyama ndi Linthumbu. Amene akuti tili tonse asendere kuno. Wamantha atseke makutu, koma ndimuuziretu kuti za m'nthano iyi zimalowa ngakhale m'khutu lotseka.

Linthumbu lake silinali ili mumathira phulusa pakhomo n'kupitiriza ntchito zanu. Ayi ndithu. Mzere wake unali wautali mwakuti akutsogolo ankamenya nkhondo akumbuyo asanabadwe. Linalowa m'chitamba cha Jenerale Njovu, mkuluyo n'kuyetsemula mpaka mitambo inathawa, mvula n'kuchedwa chaka chimenecho. Nyama zinapambana, inde, koma movutikira. Tsiku lomaliza Linthumbu lonse linaunjikana pamalo amodzi, mulu wofika m'khosi mwa Nyamalikiti, ndipo asilikali anapezerapo mwayi wolikhuthulira phulusa lamoto. Gulu lakutsogolo linabwerera kwawo likuvina. Gulu lakumbuyo, limene linkatchinga mdani kuti anzawo akatenge phulusalo, linathera pomwepo lonse, kupatula mmodzi: Kopolo Buluzi.

Buluzi ankauza aliyense kuti anamenya nkhondo mpaka Linthumbu linamudya mchira. Zoona zake ankazidziwa yekha. Litangomuyandikira, anauthothola yekha mchirawo monga amachitira abuluzi, n'kuusiya ukuphiriphitha panjira, mwini wake n'kukwera mumtengo, phee. Anzake otsala anamuona. Anagwa akumuyang'ana m'mwambamo. Atabwerera kumudzi mchira wina unaphuka, wonona kuposa woyamba, Buluzi n'kumati nkhani yatha.

Patapita nthawi, Nyumba ya Malamulo ya nyama inakhala pansi kuti ione zolemekeza ovulala. Wapampando wake anali a Nungu. Kumeneko kunalibe zolembalemba. Aphungu akagwirizana chinthu, a Nungu ankazula munga umodzi pamsana pawo n'kuuzika pakati pa bwalo, basi limenelo ndi lamulo. Munga wozikidwa sunkazulidwanso. Ukavuta, ankangozika wina pambali pake. N'chifukwa chake a Nungu a masiku amenewo anali ndi dazi kumsana.

Munga wa tsiku limenelo unati: msilikali aliyense wokhala ndi chipsera chooneka alandire mendulo yamkuwa. Wovala mendulo azikaothera dzuwa pa Thanthwe la Ovulala, ndipo chilombo chilichonse, chouluka kapena choyenda, chisamukhudze. Ngati satha kuyenda, mbale wake azimunyamula.

Thanthwe limenelo ndinalikhudza ine ndi dzanja ili. Linkasunga kutentha mwakuti ukaikapo dzira m'mawa, masana unkapeza tambala akulira. Tsono Buluzi, monga mukumudziwa, magazi ake sayenda popanda dzuwa. Chisanu chikafika ankauma ngati nkhuni, koma akati atuluke akaothere, Kaputeni Kabawi anali akuzungulira m'mwamba. Kaputeniyo anali atadya kale achimwene ake a Buluzi ndi alamu ake omwe. Mendulo imeneyi kwa ena inali yokongoletsa pachifuwa, kwa Buluzi unali moyo.

Anathamangira kunyumba kwa mkazi wake, Nangondo.

"Nangondo, chisanu cha chaka chino chindipeza ndili pathanthwe!"

"Ndi chipsera chiti, abambo? Mchira wanu si uwu ukugwetsa mbale zanga?"

"Iwe udziwe za mbale. Za malamulo undisiyire."

"Ine ndingoti za kunkhondo zija mukanazisiya zigone. Mukamazikamba mumacheukacheuka."

Buluzi anatuluka. Anazungulira kuseri kwa nyumba, thotho! mchira pansi. Anauvindikira ndi lichero, naikapo mwala, n'kunyamuka ulendo wa kubwalo akutsimphina miyendo yonse inayi.

Anakapeza ovulala ali pamzere. Patsogolo pake panali Sajeni Njiri, amene Linthumbu linamudya diso, msilikali wosadziwa kuseka. Njiri analandira mendulo yake, Buluzi n'kutembenuka kuonetsa a Nungu chitsa cha mchira.

A Nungu ananunkhiza. "Kopolo, bala ili likudontha magazi. Kodi nkhondo inatha liti?"

"Bwana Wapampando, mabala ena ndi okhulupirika. Sapola msanga ngati a anthu ena."

"Iwe kathyali iwe," anatero Njiri, "dzulo lomweli ku mowa unandipunthwitsa ndi mchira. Unali wa ndani?"

"Ndi diso limodzi, Bwana Sajeni, munthu amaona zambiri zimene palibe."

Bwalo linaseka mpaka Mvuu anakomoka, koma mendulo sinaperekedwe. Aphungu ananong'onezana, a Nungu n'kuzula munga wachiwiri. Unati bala likhale la mdani, la kunkhondo, osati la kuseri kwa nyumba.

Buluzi ankabwerera dzuwa lili paliwombo, chithunzithunzi chake chitabisala kunsi kwa mimba yake. Ndi pamene anaimva. Inali kutali, yaing'ono ngati kulira kwa udzudzu, koma anaizindikira. Inali nyimbo yogubira ya gulu lakumbuyo. Ankaitsogolera ndi Sajeni Nkhululu, woimba wa gululo. Inali nyimbo yoitana maina: wotsogolera amatchula msilikali mmodzi, msilikaliyo n'kuvomera kuti alipo, onse n'kuponda pansi pamodzi, kenako dzina lotsatira. Dzina lomaliza linali la Kopolo Buluzi, chifukwa ndiye ankatseka mzere. Buluzi anaima, anamvetsera, anati ndi njala, n'kupitiriza ulendo. Koma chitsa cha mchira chinkamunyerenyesa motsatira kuponda kwa nyimboyo.

Anapeza Nangondo ataima kuseri kwa nyumba, lichero lili m'manja.

"Chija munavindikira apa palibe."

"Nkhuku zatola."

"Nkhuku zachotsa mwala, zatola, n'kubwezeretsa mwala? Nanga mkukuluzi uwu?"

M'fumbi munali mkukuluzi woongoka ngati waujambula ndi ndodo. Unkalunjika kumene kunachitikira nkhondo.

"Sesa pamenepo," anatero Buluzi.

"Sesani nokha. Tsache langa ndimalifuna."

Buluzi anadikira mpaka mchira wina unaphuka. Tsiku lina akuuyang'anitsitsa anaseka yekha, chifukwa anaona chimene wina aliyense akanachinyoza: mchira wophuka sufanana khungu ndi thupi, ndipo pokumanirapo pamakhala mzere wozungulira. Anathamangira kubwalo osatsimphina n'komwe.

"Wabweranso uja," anatero Njiri. "Lero wadula chiyani?"

"Lero ndabwera ndi funso, Bwana Wapampando. Kodi chipsera n'chiyani?"

A Nungu anakanda dazi lawo. "Ndi pamene bala linapola."

"Ndiye kuti ndi mnofu watsopano umene unamera pamene panachoka wakale. Ndanama?"

"Simunaname."

"Tsono taonani." Buluzi anayala mchira wake pakati pa bwalo. "Kuyambira pa mzere uwu mpaka kunsonga ndi mnofu watsopano wokhawokha. A Sajeni chipsera chawo chingabisike ndi tsamba limodzi la bwemba. Ine theka la thupi langa ndi chipsera. Ndimachita kuchikoka poyenda!"

"Nanga munga wachiwiri? Tidziwa bwanji kuti ndi la mdani?" anafunsa a Nungu.

"Ndani pano sanandione ndikubwera kunkhondo wopanda mchira? Munandilandira nokha. Ena mwa inu munalira, a Mvuu mpaka anandinyambita."

Aphungu anayang'anizana. Zinali zoona. A Nungu anatambasula dzanja kutenga mendulo, ndipo Buluzi anayamba kumva kutentha kwa thanthwe m'mafupa mwake. Koma Njiri anaponda pansi.

"Dikirani! Diso langa lili kutsogolo, chifukwa mdani ndinamuyang'ana. Mchira umakhala kuti?"

"Bwana Sajeni, ine ndinali m'gulu lakumbuyo. Mukanafuna ndivulale kuti?"

"Gulu lakumbuyo lonse linafa litayang'ana mdani. Iwe wekha ndiwe unamuonetsa matako!"

Phokoso linabuka. Aphungu anakangana mpaka Kamba anatuluka m'chigoba chake kuti amenye Nkhanga. Pomaliza a Nungu anazula munga wachitatu. Unati bala lakumbuyo limafuna mboni, ndipo mboniyo ikhale yoti inaliko, inaona.

"Koma mboni zanga zonse zinafa," anatero Buluzi.

"Ndiye pepani, Kopolo. Wotsatira!"

Tsiku limenelo nyimbo sinamudikire panjira. Inamupeza kunyumba, dzuwa lili paliwombo, iye atakhala pakhonde. Inkachokera kuseri kwa nyumba yake yomwe. Tsopano ankamva bwinobwino mawu a Sajeni Nkhululu akutchula maina, ndipo aliyense ankavomera, mawu ake ngati a munthu amene m'kamwa mwadzaza phulusa. Dzina ndi dzina, kuvomera ndi kuponda, kuvomera ndi kuponda. Kenako linatchulidwa lake. Panakhala chete. Mapazi okha ankapondaponda pamalo amodzi, kudikira. Mchira wa Buluzi unkamenya pansi wokha, mwini wake osautuma. Anaugwira ndi manja awiri.

"Nangondo, ukumva kanthu?"

"Sindikumva kanthu."

"Eya, palibe kanthu."

"Koma ndikuona nkhuku zanga," anatero Nangondo motsitsa mawu. "Taonani mmene zikupatukira. Ngati pakudutsa anthu."

Nkhuku zinali zitagawikana pakati, zina uku zina uku, zonse zitatembenuza mitu kuperekeza chinthu chimene chinkatuluka pabwalo pang'onopang'ono.

Wina akanasiyira pomwepo. Koma chisanu chinali chitayamba kununkhira, ndipo m'mawa mwake Kabawi anatera padenga la nyumba ya Buluzi n'kupereka moni. "Mwadzuka bwanji, Kopolo? Mwanenepatu."

Buluzi anatulukira pa chiboo cha kuseri, ulendo kwa Meja Fisi. Mkulu ameneyu Linthumbu linamuluma mbuyo yonse, n'chifukwa chake mpaka lero amayenda ngati akufuna kukhala pansi.

"Bwana Meja, mendulo yanu ili kuti?"

"Usandikumbutse, mphwanga. Munga wachitatu uja wandibaya ine."

"Mulibe mboni?"

"Mboni ilipo, koma ndi imene sindikufuna ilankhule."

"Nanga itakhala mboni yoti singalankhule?"

Fisi anatsegula kamwa, dovu n'kuyamba kugwa. Buluzi anamunong'oneza. Atachoka pamenepo anazungulira nyumba za akuluakulu onse a nkhondo, ndipo anapeza chodabwitsa: udindo ukamakwera, bala linkasunthira kumbuyo. Jenerale Njovu lawo linali pansi penipeni pa mchira, poti sangaonetse apongozi. Onsewo anali ndi abale m'Nyumba ya Malamulo.

Bwalo litakumananso, Buluzi anaimirira, misozi ili mbwembwembwe.

"Bwana Wapampando, ine lero sindikudzilirira ndekha. Ndikulirira anzathu amene anagona kunkhondo. Kodi munthu akafa wasanduka wabodza? Bwanji malamulo athu akuwakaniza kuchitira umboni?"

"Tiwamva bwanji?" anafunsa a Nungu.

"Muziwaitana mwaulemu, dzuwa lili paliwombo. Ngati nkhani ili yabodza, msilikali weniweni sangakhale chete, adzakana. Akapanda kukana, ndiye kuti wavomera."

"Nzeru zimenezo!" anakuwa Fisi. Akuluakulu onse anaomba m'manja, ali chiimire chifukwa kukhala pansi kunkawavuta.

Njiri yekha ndiye anapukusa mutu. "Musawaitane anthu amenewo. Ena a iwo sitinawaike n'komwe m'manda."

Palibe anamumvera. Munga wachinayi unazikidwa: mboni ndi mboni, yamoyo kapena yakufa; iitanidwe, ikapanda kukana yavomera.

Pa tsiku loitana mboni kunasonkhana nyama zochuluka mwakuti dziko linapendekeka, madzi a m'zitsime n'kutayikira mbali imodzi. Anayamba ndi Meja Fisi. Anatchula msilikali wina wa m'gulu lakutsogolo amene anafa kalekale. A Nungu anaitana dzinalo. Zii. Anaitananso. Zii. Fisi anavala mendulo akuseka chikhakhali. Akuluakulu ena anatsatira, aliyense ndi wakufa wake, ndipo akufa onsewo anavomera mwa kukhala chete.

Buluzi anali kumapeto kwa mzere, koma sankasekanso. Nyimbo ija inali itayamba, ndipo lero inkachokera pansi pa mapazi ake. Ankaimva m'mimba. Anati mumtima: akufa a Fisi anaikidwa bwino, akugona. Anga ali maso. Ndikangotchula Nkhululu kapena wina aliyense wa iwo, ayankha, ndipo onse anandiona ndili mumtengo.

"Kopolo Buluzi! Mboni yanu ndani?"

Mutu wa Buluzi unazungulira, unazungulira, n'kugwira chinthu. Anamwetulira. Ndikukuuzani, m'moyo wanga wonse, ndipo ndakhalitsa, sindinaonepo nzeru yoposa imeneyi.

"Bwana Wapampando, mboni yanga ndi mchira wanga woyamba. Unaliko. Unaona zonse. Unafera komweko."

"Mchira?" anatero Njiri. "Mchira uli ndi pakamwa?"

"Tandionetsani munga umene ukunena za pakamwa, Bwana Sajeni."

A Nungu anayendera minga yonse inayi, kuinunkhiza umodziumodzi. "Palibe," anatero. Khamu linaseka, ena n'kumagubuduzika. Fisi anati, "Mphwanga, iwe ndiwe mfiti!" Buluzi anatukula chifuwa. Chinthu chopanda pakamwa chingakane bwanji?

A Nungu anakweza mawu. "Mchira wa Kopolo Buluzi, umene unagona kunkhondo ya Linthumbu, bwalo likukuitana!"

Zii.

"Mchira wa Kopolo Buluzi, bwalo likukuitana!"

Mphepo inaima. Mbalame zimene zinali m'mwamba zinatera zonse. Kuseka kunazima kuyambira kumbuyo kwa khamu kubwera kutsogolo, ngati wina akuthira madzi pa moto. Ndiye aliyense anaimva nyimbo ija, osati Buluzi yekha. Amene anali ndi abale m'gulu lakumbuyo anazindikira mawu awo akuvomera maina, ndipo amayi ena anagwira pakamwa. Nyama zinapatuka, zina uku zina uku, monga zinachitira nkhuku za Nangondo. M'fumbi munayamba kuoneka mapazi, mizere iwiri, kuponda pamodzi, koma miyendo yake osaoneka. Fungo la phulusa lonyowa linadzaza bwalo.

Pakati pa mizere iwiriyo pankabwera chinthu. Chinali mafupa okhaokha, otuwa, olumikizana ngati mikanda, chikudzikoka chokha: khwee, khwee. Pambuyo pake pankatsatira kamchira kena kakang'ono, kaja kanavindikiridwa ndi lichero. Ndiye kuti kanapita kukanena kwa mkulu wake.

Nyimbo inafika pa dzina la Kopolo n'kuima. Mafupa aja anaima patsogolo pa minga inayi.

A Nungu anali kunjenjemera mpaka minga yotsala inkalira ngati maseche, koma ntchito ndi ntchito.

"Kodi unali kunkhondo?"

Mchira unadzuka, n'kumenya pansi kamodzi. Pha!

"Mwaona, wavomera!" anatero Buluzi, mawu atasanduka a mwana. "Basi, Bwana, tisautopetse, wachokera kutali."

"Khalani chete, Kopolo. Iwe mchira, kodi Linthumbu ndi limene linakudula?"

Mchira unaimika nsonga yake m'mwamba. Kenako unapukusa, uku ndi uku, pang'onopang'ono, monga amachitira munthu wamkulu pokana.

"Ndi mphepo imeneyo!" anakuwa Buluzi.

"Mphepo yake iti?" anatero Njiri.

"Walankhula? Ndani wamva mawu?"

"Munga sunati mboni ilankhule," anatero a Nungu. "Unati ikane. Munaupempha nokha. Iwe mchira, kodi mwini wako anakuthothola yekha n'kukusiya panjira?"

Pha!

"Kodi Kopolo analumidwa ndi Linthumbu, ngakhale kamodzi?"

Mchira unapukusa.

"Nanga wolumidwa ndani?"

Mafupa aja anagubuduka chagada. Kunsi kwake kunali bii, ndipo nyama zitasendera zinaona kuti ndi mitu. Inali mitu ya Linthumbu yosawerengeka, yopserera, mano ake akanali olumabe pa fupa lililonse, pakuti msilikali wa Linthumbu akaluma sasiya ngakhale atafa.

Njiri anayang'ana ndi diso lake limodzi nthawi yaitali. "Mulu uja," anatero. "Ine ndi amene ndinathira phulusa loyamba. Ndinkadabwa kuti Linthumbu lonse launjikirana chiyani pamalo amodzi. Pansi pa mulu panali kanthu kakuphiriphithabe, osagonja. Ndiye unali iwe."

Sajeni wosadziwa kuseka uja anaongoka, nagunditsa ziboda, n'kuchita sawatcha. M'fumbi mapazi onse osaoneka aja anaponda pamodzi, dii!

A Nungu anayendera minga. Chipsera chooneka, chilipo. Cha mdani, cha kunkhondo, palibe wokayika. Anatenga mendulo n'kuimangirira pa mafupa aja ndi luzi.

"Tsopano," anatero, "munga woyamba ukuti wovulala wosatha kuyenda anyamulidwe ndi mbale wake. Ngwazi iyi ilibe miyendo. Mbale wake alipo?"

Maso onse anatembenukira kwa Buluzi.

"Si mbale wanga! Sindiudziwa! Michira imafanana!"

"Mwautchula nokha, Kopolo. Mwati mchira wanga."

Buluzi anati athawe, koma kulikonse kumene ankalowera ankagunda miyendo imene sankaiona, yozizira. Kumbuyo kwake kunamveka khwee, khwee. Kenako anamva chinthu chikufufuza malo ake akale, n'kuwapeza, n'kulowa. Kuzizira kwake kunakwera ndi msana mpaka m'mano. Anachita chimene ankachidziwa bwino, thotho! Koma umene unagwa ndi mchira wamoyo uja. Wamafupa unatsala. Anayesanso, anayesanso mpaka maso anatuzuka. Umenewo sunathothoke.

Apo Kaputeni Kabawi anatsokomola. "Bwana Wapampando, kafunso kakang'ono. Mendulo ili pa mchira. Mchirawo sindiukhudza, ndimalemekeza malamulo. Koma mbali yatsalayi, iyi ili ndi mnofuyi, ili pansi pa munga uti?"

A Nungu anakanda dazi. Kabawi anayamba kunola mlomo pa mwala. Koma Buluzi, ngakhale mano anali kugundana, mutu wake unali usanafe.

"Idyani, Bwana Kaputeni," anatero. "Idyani ndithu. Mukatha muinyamule ndinu ngwaziyi, chifukwa ndikakhala m'mimba mwanu mbale wake wapafupi ndinu."

Kabawi anayang'ana mafupa aja. Mafupa anatembenuza nsonga kumuyang'ana iye. Kaputeni anakumbukira kuti ali ndi ulendo wina, n'kuuluka osatsanzika.

"Lamveka," anatero a Nungu. "Wonyamula ngwazi asakhudzidwe, malinga ngati akuinyamula."

Buluzi anayang'ana m'khamu napeza mkazi wake. Anayesa kumwetulira. "Nangondo, waona? Ndinati chiyani? Thanthwe lija ndalipeza!"

Nangondo anangoyang'ana mafupa aja.

Buluzi anakwera pathanthwepo, mendulo ikulira ngwee, ngwee pambuyo pake. Njiri anali pomwepo akutuluka thukuta. Fisi anali chagada, akuti wapsa msana. Buluzi anayala mimba yake pa mwala umene unkaswa mazira uja, n'kudikira. Kutentha kunkalowera kumimba, kukafika pamsana n'kukumana ndi kuzizira kochokera kumbuyo, n'kubwerera. Anasuntha, anatembenuka, anagona chammbali. Chimodzimodzi.

M'mawa mwake anabweranso, pakuti akanapita kuti? Dzuwa litafika paliwombo, nyimbo inayamba. Tsopano inali ya iye yekha, ena onse sankaimvanso. Inazungulira thanthwe. Nkhululu anatchula maina, eni ake anavomera, mapazi anaponda. Dzina lomaliza litatchulidwa, mchira unamukoka. Sunakoke mwaukali ayi. Unangomukoka chammbuyo pang'onopang'ono, monga amachitira munthu pokumbutsa mnzake kuti nthawi yakwana. Zikhadabo za Buluzi zinalira pa mwala. Anatsegula kamwa kuti avomere, koma lilime linali litauma gwa. Mchira unakokanso. Miyendo yakumbuyo inafika m'mphepete mwa thanthwe.

Ndiye Buluzi anagwedeza mutu. Anaugwedeza mwamphamvu, pansi, m'mwamba, pansi, m'mwamba, mpaka chifuwa chinkanyamuka: ndilipo, ndilipo.

Kukoka kunaleka. Mapazi anaponda kamodzi, mzere utakwanira, n'kumapita akuimba mpaka nyimbo inachepa ngati udzudzu.

Mawa lake asilikali osaoneka aja anabweranso. Mkuja chimodzimodzi. Sanaphonyepo tsiku.

Mchira wamoyo unadzaphukanso pambali pa wamafupa uja. Mukadzaona buluzi wa michira iwiri, musamuponye mwala, ndipo musayang'anitsitse fumbi lomuzungulira. Zidzukulu zake nazo zinatengera: dzuwa likakwera zimathamangira pamwala, zimaima chilili ngati zamva kanthu, n'kuyamba kugwedeza mitu popanda wozifunsa.

Nangondo sanamusiye mwamuna wake. Masana aliwonse ankamubweretsera chakudya, koma ankachiika chapatali n'kuchikankha ndi ndodo, maso ali pansi kuopa kuponda mapazi a eni ake. Ndipo masana aliwonse ankafunsa funso lomwelo.

"Mwafundako lero, abambo?"

Buluzi ankagwedeza mutu. Koma Nangondo mpaka imfa yake sanadziwe ngati akuyankha iye.

Nthano yanga ndaithothola pomwepa. Musaitole, ikanaphiriphithabe.